Mtanda Wopanda Dzina

Kuseri kwa mudzi wathu kuno ku Mozambiki, panjira yochokera ku Insaca kupita ku Chiuta, kuli manda amene timati a obwerera. Ogona kumeneko ndi anthu amene anapulumuka nkhondo yonse ali ku Malawi, n'kudzafera kwawo mfuti zitakhala chete. Mtumbira uliwonse uli ndi mtanda wolembedwa dzina. Umodzi wokha, waung'ono, wa pansi pa msuku, unakhala zaka zisanu ndi ziwiri wopanda kanthu, ndipo wochititsa ndine Tobiasi, malume wake wa mwana wogona pamenepo. Ndikunena ndekha kuti ena asavutike kundinenera.

Nkhaniyi inayambira kumsasa wa othawa nkhondo, ku Machinga. Tinafikako mu 1990, ine ndi mlongo wanga Olinda, iye ali ndi pakati, mwamuna wake atatsala m'njira monga ankatsalira anthu masiku amenewo. Pamsasapo tinapeza mzungu wamkazi wokumba zitsime, wochokera ku Suwesiya, dziko limene anzathu a ku Malawi amati Swideni. Dzina lawo linali Malin Rydfors, koma lachiwirilo tinawasiyira eni ake chifukwa linkatilumitsa lilime. Kwa ife anali mayi Malini basi. Anali aatali, osupuka mphuno ndi dzuwa, ovala nsapato zachimuna, ndipo ankakangana ndi aliyense, kuyambira akuluakulu a mabungwe mpaka dalaivala wawo yemwe. Chichewa anachiphunzira kwa amayi a pamjigo, choncho anayamba kudziwa kutukwana, moni n'kubwera pambuyo. Ine ndinkawagwirira ntchito yolowa m'chitsime ndi yomasulira, poti sukulu ndinainyambitako pang'ono.

Tsiku limene Olinda matenda anamuyamba, galimoto ya odwala inali itapita kwina. Mayi Malini anagwetsera pansi mapaipi onse amene anali m'galimoto yawo, n'kumunyamula mpaka kuchipatala. Mwana anabadwa wamkazi. Mchombo utagwa, Olinda anati wotcha dzina akhale mayiwo, ndipo ine monga mwini mbumba ndinavomera.

"Koma mayi, dziwani kuti kwathu wotcha dzina ndi kholo," ndinawachenjeza. "Mwanayu akadwala mudzauzidwa, akamakwatiwa mudzavina."

"Ndamva, a Tobiasi," anayankha. "Ine ndilibe mwana. Ndimupatsa dzina langa lomwe, lina ndilibe."

Kamwanako kanakula kolongolola, kutengera mwini dzina. Kankatola chilichonse chofiira: tizitsekero ta mabotolo, nthanga za m'tchire, ngakhale tsabola, amene anakaliza kawiri koma osaleka. Madzulo ndikamachokera kuntchito kankakwera kutsogolo kwa njinga yanga n'kumakuwa kuti, "Amalume, thamangitsani!" Ndinkakakonda kamwanako kuposa momwe ndinganenere.

Mtendere utasainidwa mu 1992, mayi Malini anamanga katundu wawo. Anati atopa kupempha mapaipi kwa anthu okhala m'maofesi. "Ndikupita kwathu ndikakhale ineyo wosaina," anatero. Ife tinaseka, tikumati munthu wa pakamwa potero angamusankhe ndani?

Ifeyo tinabwerera mu 1994, chilimwe chitayamba. Mudzi tinaupeza uli tchire lokhalokha, chitsime chitagumukira mkati. Ine amene ndinakumba zitsime zisanu ndi zinayi m'dziko la eni ndinati ndichikonza ndikatha kufolera nyumba, kenako ndinati ndikatha kuswa mphanje. Tinkamwa madzi a m'dambo. Mvula yoyamba ya Disembala itagwa, Malini anayamba kutsegula m'mimba. Tsiku lachitatu ndinakweza Olinda panjinga, mwana ali kumsana, kuthamangira kuchipatala ku Insaca. Tisanafike pamlatho wachiwiri, Olinda anandigwira phewa.

"Achimwene, tembenukani," anatero.

Ndinatembenuza njinga. Mwanayo anali ndi zaka zinayi.

Titaika maliro, ndinasema mtanda wa mlombwa, n'kuika msomali pamoto kuti ndiwotcherepo dzina. Ndili pafupi kulemba, Olinda anandigwira dzanja.

"Mukulemba dzina la ndani, achimwene?"

"La mwana."

"Dzinalo lili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo ali moyo. Mukufuna kukaimika dzina la munthu wamoyo kumanda iye asakudziwa? Kumeneko n'kumulodza. Kawauzeni kaye."

Akuluakulu amene analipo anagwedeza mitu kuti Olinda akunena zoona. Ndiye apa mumvetse. Kwathu maliro a mwana sauzidwa kwa kholo lake papepala, kapena kudzera mwa munthu wapadera. Mwini mbumba amapita yekha. Akafika samuuza munthu ali chiimire, amayamba wamukhazika pansi, n'kumupatsa moni, kenako n'kunena. Mwini mbumba ndinali ine, ndipo ku Suwesiya sikupitika panjinga. Olinda anakulunga mtandawo m'kapulana wake wakuda, nsalu imene ku Malawi amati chitenje, n'kuupachika kudenga. Kuyambira tsiku limenelo dzina la mwanayo sanalitchulenso, ndipo pamudzi panalibe amene analimba mtima kumuitana kuti amake Malini.

Patapita milungu itatu, ansembe a ku Insaca anandipatsa kalata. Inali kadi yojambulidwa nyumba zokwiririka ndi chisanu choyera, yolembedwa m'Chichewa chopunduka chija: "Kwa Malini wamng'ono. Anthu a tauni yanga andisankha khansala. Ndayamba kusaina tinthu tating'ono. Uwauze amalume ako aleke kuseka." Ndinamuwerengera Olinda. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuika kadiyo m'chitini cha shuga.

Ndinakhala pansi kuti ndiyankhe. Ndinalemba za mvula, za chimanga, za nsomba za kunyanja ya Amaramba zimene ndinayamba kupikula panjinga. Za mwana ndinazilumpha ngati dzenje la panjira. Ndinadziuza kuti ndikusunga mwambo, kuti mayiwo adzabwera chaka chamawa ndidzawauze bwinobwino. Mwambo unalipodi, koma osabisa Chichewa, ndinkaopanso funso limodzi: chinamutenga n'chiyani?

Chaka chotsatira mayi Malini anafunsa mosapita m'mbali kuti bwanji sindinena za mwana wawo. Apa ndiye ndinagwira njakata. Ndinatafuna cholembera tsiku lonse, mapeto ake ndinalemba mawu atatu pansi penipeni pa pepala: Malini akupereka moni. Bodza likangotuluka pakhomo limafuna zovala. Kalata yotsatira ndinamugulula mano akutsogolo. Ina ndinamuyambitsa sukulu, n'kumupatsa mphunzitsi wankhanza. Mayiwo atapempha chithunzi ndinati kuno wojambula kulibe. Ndinamulera mwanayo papepala chaka ndi chaka, ndipo manyazi ake ndi akuti nthawi zina polembapo ndinkamva kukoma, chifukwa kwa kanthawi kameneko ankakhala ali moyo.

"Mwalemba chiyani, achimwene?" Olinda ankafunsa ndikamamata kalata.

"Za mvula."

Ankandiyang'ana osaphethira, n'kupitiriza zimene akuchita.

Uko mayi Malini ankangokwera. Zaka zinayi zitadutsa anasankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo ya dziko lawo. Kalata ya nthawi imeneyo inali yaitali. Anati tsiku loyamba kuyankhula m'nyumbamo anauza aphungu onse za kamtsikana ka ku Mozambiki kotchedwa dzina lawo, kobadwira kumsasa, kamene tsopano kali kwawo, kakumwa madzi abwino ndi kupita kusukulu. Anati ena anaomba m'manja, ena anawanena kuti akuseweretsa ndalama za dziko, iwo n'kuwayankha monga ankayankhira dalaivala uja. Anatinso chithunzi cha mwanayo ali wakhanda chimakhala patebulo lawo. Kalata imeneyo ndinaiwerengera kumunda ndekha. Tsiku limenelo sindinadye, ndipo m'mawa mwake ndinatenga khasu ndi ndowa n'kukakumba chitsime chija. Chinanditengera masiku khumi ndi anayi okha. Ndinalira ndili pansi pa chitsimemo, poti kunalibe wondiona.

Olinda yekha ndiye ankasesa pamanda. Mtumbira wa mwana suchedwa kuphwa, ndipo chaka chilichonse mvula inkachotsako pang'ono.

"Ndikadzafa ine, adzadziwa ndani kuti apa pali munthu?" anandifunsa tsiku lina. "Mudzakumba pomwepa n'kuikapo wina pamwamba pake."

"Ndidzawauza, chemwali. Nthawi ikakwana."

"Zengerezu adalinda kwawukwawu," anatero, n'kutola tsache lake.

Mu 2001 kunabwera envulopu yolimba, ya chidindo cha boma. Mayi Malini anali nduna tsopano, yoona za madzi ndi zina zimene sindinazimvetse. Analemba kuti mwezi wa Ogasiti abwera kuchigawo chathu cha Niassa kudzaona ntchito zimene dziko lawo likuthandiza, ndipo alimbana ndi okonza ulendo mpaka avomera kuti aime ku Insaca. "Ndikufuna ndimuone mwana wanga. Pano ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, mwina wandipitirira kale kulongolola."

Ndinene zonse, poti ndayamba kale. Maganizo oyamba amene anandibwerera anali obwereka mwana. A Bwanausi oyandikana nafe anali ndi mtsikana wa msinkhu womwewo, ndipo ndinati mzungu angadziwe bwanji? Ndinafika pomuuza Olinda maganizo amenewo. Sanakalipe ayi. Anakwera pampando, n'kutsitsa mtanda uja kudenga, n'kuukuntha fumbi, n'kundiikira pamiyendo.

"Mwanayu munamupha kamodzi ndi madzi, achimwene. Musamuphenso."

M'moyo wanga wonse palibe anandiuzapo mawu opweteka ngati amenewo.

Kutatsala masiku awiri, ndinaitanidwa ku Insaca kukaonana ndi bambo wina dzina lake Stélio, mmodzi mwa okonza ulendowo. Anali munthu waulemu wake, koma maso ake sankachoka pawotchi. Anandionetsa pepala logawidwa m'mizere: nyimbo za ana asukulu, mawu a akuluakulu, kutsegula mjigo watsopano wa pamsika, kenako ife.

"Senyoro Tobiasi, inu muli ndi maminutu atatu. Mwanayo avale yunifolomu, apereke maluwa, tijambule, basi."

"Bambo, ine ndili ndi mawu ofuna kukhala pansi."

"Ndiuzeni ine, ndikawafotokozera m'galimoto."

Ndinapukusa mutu. Kandimverere anakanena za m'maluwa, komanso nditasunga mawuwo zaka zisanu ndi ziwiri sindikanawapereka kwa munthu wapanjira. A Stélio anangokweza mapewa n'kubwereza kuti maminutu ndi atatu.

Tsikulo linali lamphepo, fumbi lili koboo. Mtanda ndinaumangirira pamene ndimamangirira dengu la nsomba, uli m'kapulana momwemo, ndipo tinayenda wapansi ine ndi Olinda, njinga ndikukankha. Pamsika panali anthu osaneneka, mbendera zamapepala, ana asukulu atafoletsedwa padzuwa kuyambira m'mawa. Magalimoto anafika mochedwa ndi maola awiri, choncho zonse za papepala la a Stélio zinayamba kuthamangitsidwa.

Nditawaona mayi Malini akutsika, poyamba sindinawazindikire. Tsitsi linali lalifupi, la imvi, atavala suti yotuwa ndi nsapato zoti m'chitsime sizingalowe. Bambo wina ankawatsatira ndi ambulera. Mayiwo anayankhula kudzera mwa womasulira, mawu osalala, oyezedwa, opanda mkangano ngakhale umodzi, mpaka ndinati ukuluwu wawatha mano. Koma pomaliza anakankhira pambali pepala n'kunena m'Chichewa kuti, "Amayi, mjigowu ukaonongeka musadikire amuna, ndi aulesi!" Msika wonse unagwa nako kuseka. Anapopa mjigowo, madzi anatuluka, nthungululu zinalira.

Kenako a Stélio anatikodola. Mayi Malini atationa anamusiya wa ambulera uja n'kubwera chothamanga, m'manja muli chikwama cha sukulu chatsopano.

"A Tobiasi! Olinda! Mwakalamba bwanji inu! Ali kuti mwana wanga? Wachita manyazi?" Maso awo ankafufuza kumbuyo kwathu, m'mizere ya atsikana a yunifolomu.

Ndinatsamiritsa njinga pamtengo n'kuvula chipewa.

"Mayi, khalani pansi."

"Nthawi palibe, senyoro," a Stélio ananong'ona. "Mwanayo ali kuti?"

Ine sindinawayang'ane n'komwe. Olinda anali atakhala kale padothi, miyendo atatambasula, manja ali pamiyendo. Mayi Malini anayang'ana Olinda, anayang'ana ine, anayang'ana chokulungidwa cha panjinga chija. Munthu amene anakhala zaka zitatu pamsasa wa othawa nkhondo anaonapo amithenga ambiri akufika ndi chipewa m'manja. Kumwetulira kuja kunazima. Wina anathamanga ndi mpando, iwo anaukana ndi dzanja, n'kukhala pafumbi pomwepo ndi suti yawo, chikwama chili pamiyendo.

Amayi amene anali pafupi atangoona zimenezo anayamba kukhala pansi mmodzimmodzi. Oimba analeka. Mizere yakumbuyo nayo inakhala, mpaka msika wonse unali pansi, kuli zii. Otsala chiimire anali alendo a masuti okha, akuyang'anana, kenako nawonso anavula zipewa. Kumbuyo kwathu mjigo watsopano uja unkadontha.

Ndinanjuta patsogolo pawo.

"Mwayenda bwanji, mayi?"

"Tayenda bwino, kaya inu." Mwambo anautsata.

"Ife kunyumba sikuli bwino. Mwana wanu Malini anatisiya."

Anatseka maso. Kenako anafunsa kuti, "Liti?"

"Disembala wa chaka chomwe tinabwerera."

Ndinawaona akuwerenga zakazo ndi milomo. Atafika pamapeto anatsegula maso, ndipo anali maso a mayi a kumsasa aja.

"Nanga mano aja? Sukulu ija? Mphunzitsi wankhanza uja?"

"Ndinanama ndine. Olinda sakudziwapo kanthu."

"Chifukwa chiyani, a Tobiasi?"

"Maliro a mwana sanenedwa papepala, mayi. Ndinkadikira mubwere."

"Maliro sanenedwa papepala, koma bodza limanenedwa papepala?"

Ndinayang'ana pansi. Anthu mazanamazana anamva funso limenelo, ndipo mpaka lero palibe wandipezera yankho.

"Chinamutenga n'chiyani?"

Funso lija linafika. Ndinalithawa zaka zisanu ndi ziwiri, n'kudzandipeza pamsika, pafupi ndi mjigo.

"Madzi, mayi. Chitsime chinali chitagumuka. Ndinachedwa kuchikumba."

Sanatukwane. Bwenzi zili bwino akanatukwana monga kale, ndikanadziwa pogwira. Anangoika nkhope pachikwama chija, mapewa akugwedezeka, ndipo amayi ena m'gulumo anayamba kusisima nawo. Olinda anadzuka, anamasula mtanda panjinga, n'kudzakhala moyandikana nawo. Anaukulungula pang'onopang'ono. Mlombwa unali utada ndi utsi wa kudenga, koma pamalo a dzina panali pambalambanda.

"Mayi," anatero Olinda, "mwana wanu akugona wopanda dzina. Dzina ndi lanu. Sitikanakaliimika kumanda inu musakudziwa."

Mayi Malini anasisita mtandawo ndi chikhatho. Kenako anadzutsa mutu n'kuuza a Stélio kuti akufuna kupita kumandako, tsopano lomwe lino. A Stélio anagwada pambali pawo n'kufotokoza motsitsa mawu. "Eshelensiya, ndi kutali, ndipo mlatho wa panjirayo galimoto siingadutse. Ndege ikudikira ku Cuamba, iyenera kunyamuka dzuwa lisanalowe. Mawa m'mawa akukuyembekezani ku Maputo." Mayiwo anakweza mawu, anati ayenda wapansi, anati ndegeyo idikire. Kunabwera mzungu wina wa m'gulu lawo, anayankhulana m'chinenero chawo, iye akuloza wotchi, iwo akuloza ife. Kumsasa mkangano wotero akanapambana ndi iwo. Apa ndinawaona akugonja. Anachoka kwathu kuti akakhale wosaina, anakhaladi, koma ola limodzi loti akaone manda a mwana wawo analephera kulisaina. Zinandimvetsa chisoni kwambiri.

Anatsegula chikwama chija. Munali makope, rula, ndi paketi ya zolembera zonenepa za mitundumitundu. Anazitulutsa n'kuziyang'ana kanthawi.

"Ankakonda mtundu wanji?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, koma funsolo silinali langa.

"Wofiira," anatero Olinda.

Anaika mtanda pamaondo n'kuyamba kulemba, chilembo chimodzichimodzi. Munthu amene anasaina mapepala a boma osawerengeka anatenga nthawi yaitali kulemba dzina lake lomwe. Atamaliza anaupereka kwa Olinda ndi manja awiri, n'kumukumbatira, onse ali pansi pomwepo. A Stélio sanatchulenso za maminutu.

Mlendo ndi mame. Mayi Malini anadzuka, suti ili fumbi lokhalokha, n'kumuuza Olinda kuti chikwamacho apatse mwana aliyense amene angafune. Ine ndinatambasula dzanja kuti nditsanzike. Anandiyang'ana kumaso, kenako anatembenuka n'kupita kugalimoto. Dzanja langa linatsala m'malere, anthu onse akuona.

Tinafika kumudzi dzuwa litapendeka. Ndinakoleza moto pambali pa manda, n'kuwotcha ndi msomali motsatira zilembo zawo zofiira zija kuti mvula isadzafufute, osawongola ngakhale pamene dzanja lawo linakhota. Ndinakumba kadzenje kumutu kwa mtumbira, Olinda n'kuimika mtanda yekha, n'kupondaponda dothi ndi chidendene. Anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuuyang'ana. Kuwerenga sadziwa, koma anayendetsa chala pazilembo zonse zisanu ndi chimodzi.

"Malini," anaitana motsitsa, monga poutsa mwana wogona. Kenako anakuwa, "Malini mwana wanga ine!" Anagwa pamtumbira n'kulira maliro amene anawasunga zaka zisanu ndi ziwiri, mpaka amayi a m'mudzi anabwera chothamanga, akuyesa kwagwa ena atsopano.

Mayi Malini anakhala nduna zaka zina ziwiri. Tinamva kwa ansembe kuti pambuyo pake anasiya ndale, koma chifukwa chake sindikuchidziwa, ndipo sindingayerekeze kunena kuti ndi ife. Makalata sanaleke. Chaka chilichonse mwezi wa Disembala imabwera imodzi, ndipo ndine ndimakaitenga ku Insaca pobwera kogulitsa nsomba. Pa envulopu pamakhala dzina la Olinda lokha. Ndimamupatsira, iye amalandira ndi manja awiri n'kuthokoza bwinobwino, "Zikomo, achimwene." Akatero amamanga kapulana, n'kudutsa pakhomo panga penipeni, kupita nayo kwa aphunzitsi a Ivone kuti akamuwerengere.